Mafuta a pa Gombe la Salima: Kuchokera mu Mtondo Kufika pa Chiwaya

Munthu amene angafune kudziwa chimene chasintha koposa pa kadyedwe ka anthu a m'mbali mwa nyanja ku Salima, kuyambira ku Chipoka kummwera, kudzera kwa Maganga ndi ku Senga Bay, kufikira ku Chikombe kumene mabwato amanyamukira popita ku chilumba cha Mbenji, asathamangire kuyang'ana nsima, pakuti nsima ndi yomwe ija ngakhale yayera kuposa kale. Asayang'anenso nsomba zokha, ngakhale zachepa ndi kukwera mtengo. Koma avundukule mphika wa ndiwo, nafunse kuti mafuta amene ayandama pamwamba pa msuziwo achokera kuti, ali a mtundu wanji, ndipo alowamo ochuluka motani. Funso lotere makolo athu sakadaliona ngati nkhani, popeza masiku awo mafuta anali chinthu chosowa, cholemekezeka, chobwera ndi nyengo yake. Koma ife amene tikuona abale athu, amuna ndi akazi onenepa bwino amene dzana tinkawayamikira kuti ali pa mtendere, akupita ku chipatala cha boma ku Salima atanyamula kabuku ka matenda a shuga, tiyenera kulifunsa mofatsa, ndi kulondola mapazi a mafutawo kuchokera kumene anayambira.

Kale lomwe, pamene Kalonga anali ndi likulu lake ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, ndipo mafumu a m'dziko la Maravi ankatumiza mitulo yawo kumeneko, anthu a m'chigwa cha nyanjachi ankadya mapira, mawere, nzama ndi khobwe. Dr. Yusuf Juwayeyi, amene anakumba pa malo a mzinda wakalewo, anapezapo mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale zochokera kutsidya la nyanja zazikulu, komanso mafupa ambirimbiri a nyama za m'tchire. Ndipo aliyense amene anasendapo gwape kapena mphoyo adziwa kuti nyama yothamanga m'thengo siisunga mafuta ambiri. Mafuta a masiku amenewo ankapezeka mu chitowe, mu nsomba, ndi mu ngumbi zimene zimatuluka m'chulu mvula yoyamba ikagwa, zonona kotero kuti zimadzikazinga zokha pa phale. Nsatsi nazo ankazisinja ndi kuziphika kuti atengemo mafuta, koma amenewo anali odzola, opaka anamwali pa chinamwali ndi makanda obadwa kumene, osati othira m'ndiwo.

Mtedza unabwera pambuyo, pamodzi ndi chimanga ndi chinangwa, mbewu zimene kwawo ndi ku America, zimene zinafika ku magombe a Africa ndi zombo za Apwitikizi, nizilowa kumtunda pang'onopang'ono m'manja mwa amalonda. Ndipo mbewu ya mtedzayi, imene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, amayi a Chichewa sanaifinye kuti apatule mafuta paokha, koma anaisinja mu mtondo, naisefa m'lichero, nakhala ndi nsinjiro. Ndipo pamenepo panabadwa luso la kutendera, limene ine ndiliyesa chimodzi cha zinthu zanzeru koposa zimene mbumba ya Achewa inasiyira ana ake. Taganizani za nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, chigwada chosinja, mfutso wa m'chikwatu m'chilimwe masamba atauma m'munda, futali wa mbatata m'mawa, phala la mwana lothira nsinjiro. M'zonsezi mafuta ankalowa m'thupi ali m'nyumba yawo, osakanizika ndi zomanga thupi ndi gaga wa mtedzawo, ndipo muyeso wake unkaikidwa ndi dzanja la mayi amene ankadziwa kuti nkhokwe ya mtedza iyenera kufika mpaka nthawi yobzala, ndi kuti wosinja lero ndiye adzasinjenso mawa. Ayao a kwa Maganga, kwa Pemba, kwa Ndindi ndi kwa Kuluunda atakhazikika pa gombeli m'zaka za m'ma 1800, anakulitsa ulimi wa mpunga m'madambo, koma kaphikidwe ka ndiwo sikanasinthe kwenikweni.

Nyanja nayo inali ndi zonona zake, ndipo inkazipereka mwa nyengo. Mpasa ndi sanjika zinkakwera m'mitsinje monga Linthipe kukaswana; utaka unkachuluka mwera ukamawomba; usipa, chambo, ncheni, kampango, bombe ndi nchila, yonseyi inkafika pa gombe, ina n'kuyanikidwa pa thandala, ina n'kuwambidwa pa moto, ina n'kuphikidwa yaiwisi ndi madzi ndi mchere basi, msuzi wake n'kunona ndi mafuta a nsomba yomweyo. Tisaiwalenso thupi limene linkalandira chakudyacho. Linali thupi lopalasa bwato ndi nkhafi usiku wonse, lokoka khoka pa mchenga, lolima ndi khasu, losinja chimanga m'bandakucha, lotunga madzi ndi kusenza nkhuni. Kotero kuti chimene chinalowa madzulo chinali chitapsa dzuwa lisanafike pa liwombo.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti ndikujambula munda wa Edene. Masiku amenewo analinso a njala ya chaka ndi chaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, a malungo, likodzo ndi ana otupa mapazi. Boma la atsamunda litatumiza Dr. B. S. Platt ndi anzake mu 1938 kuti akayeze chakudya cha anthu m'midzi ya boma la Kota Kota, kumapiri, m'munsi mwa mapiri ndi kunyanja, ndiponso mu 1939 pamene akatswiri a nsomba, mmodzi wa iwo Ethelwynn Trewavas, ankayendera nyanjayi, nkhawa yawo yonse inali ya kuperewera kwa chakudya. Za kunenepa kopitirira panalibe wozilota. Mayi Jessie Williamson, amene anagwira nawo ntchito imeneyo, nalemba pambuyo pake buku la zomera zothandiza za dziko lino, anasunga maina a ndiwo zambiri zimene adzukulu athu lero sangazizindikire m'thengo. Ndipo chaka cha 1949 chinadza ndi njala imene akuluakulu amaikumbukabe.

Koma njira ya zinthu zatsopano inali itatseguka kale, pakuti njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, nibweretsa masitolo a Amwenye, mchere wa m'matumba, shuga, sopo ndi mafuta a m'zitini, amene poyamba ankagulidwa ndi akalaliki, aphunzitsi ndi matchona obwera ku Salisbury ndi ku Johannesburg. Dziko litalandira ufulu, chitukuko chachikulu cha ulimi wa m'mbali mwa nyanja, chothandizidwa ndi dziko la Germany, chinayamba ku Salima chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, nichilimbikitsa thonje, mpunga ndi mtedza. Malo ofufuzira mbewu a Chitala ndi a Lifuwu anagwira ntchito yawo. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, inagula mtedza wa Chalimbana wopita kunja kwa dziko ndi thonje limene njere zake zinkafinyidwa kumafakitale kuti zitulutse mafuta. Apa pali chinthu chimene chimandiwawa mtima ndikachiganizira: mtedza umene unali ndiwo unasanduka ndalama, ndipo ndalamayo inabwerera kumudzi itasanduka botolo. Botolo la Covo pa shelefu linali ulemu wa nyumba. Mkazi wophika ndiwo zokazingira ndi tomato ndi anyezi ankatchedwa wotsogola, ndipo wotendera anayamba kuoneka ngati wotsalira, wosauka, wachimidzi. Njanji itapitirira kufika ku Lilongwe mu 1979, ndipo misewu ya tala italumikiza gombe ndi likulu latsopanolo, nsomba yabwino nayo inaphunzira ulendo wa ku tauni.

Chigumula chenicheni cha mafuta chinadza m'zaka za m'ma 1990 ndi pambuyo pake, malonda atamasulidwa, pamene mafuta otchipa a mbewu ya kanjedza wa ku Malaysia ndi ku Indonesia, pamodzi ndi a soya, anayamba kulowa kudzera m'madoko a Beira ndi Nacala, n'kumayengedwa m'mafakitale a kuno kapena kubwera oyengayenga. Tsopano sipanafunikenso botolo lathunthu. Wamalonda ankayeza mafuta m'timatumba ta pulasitiki, ta mtengo woti ngakhale waganyu angaufike, ndipo palibe angatsutse kuti kwa mwana woonda wa m'banja losauka mafuta amenewa, amenenso lamulo likuti azithiridwa vitamini A, anali dalitso. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Pa msika uliwonse, pa siteji ya basi iliyonse, pa doko lililonse, panaima chiwaya: tchipisi, kanyenya, mandasi, zitumbuwa, zigege, zonsezi zikusambira m'mafuta amene aphika dzulo, naphikanso lero, mpaka ada ngati phula. Ngakhale usipa, umene kuyambira makolo unkayanikidwa kapena kufutsidwa, masiku ano umakazingidwa m'madilamu odulidwa pa gombe pomwepo, chifukwa ogula a m'tauni amaukonda wotero. Chambo, chimene chinayamba kusowa m'zaka zomwezo, chinasanduka ndiwo ya alendo a m'mahotela a ku Senga Bay, nchila inali itazimiririka kale, ndipo mwini nyanja anatsala ndi bonya ndi kathumba ka mafuta. Pa nthawi yomweyo chigayo chinalowa m'malo mwa mtondo, injini m'malo mwa nkhafi, njinga yamoto m'malo mwa phazi, ndipo mwini zilimira, amene atate ake ankalowa okha m'madzi, anakhala pansi pa mtengo kuwerengera ndalama, botolo la zoziziritsa kukhosi lili pambali.

Anthu sanaone choopsa chilichonse pamenepa, chifukwa kwa ife kunenepa kunali umboni wakuti mwamuna akusamala mkazi wake ndi kuti malonda akuyenda; ndipo m'zaka zowawa za mliri wa Edzi, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa kwaulere mu 2004, kuwonda kunali ngati chiweruzo cha imfa chowerengedwa ndi mudzi wonse, kotero kuti munthu ankakondwera ndi mimba yotsogola ngati chikalata chomuchotsera manyazi. Ndani angawadzudzule? Koma tsoka silinunkha. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 kufikira 64, pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga, mmodzi mwa atatu anali ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa mmodzi mwa asanu anali onenepa mopitirira muyeso. Kafukufuku wina waukulu, wa pakati pa 2013 ndi 2016, wochitika ku Area 25 ku Lilongwe ndi m'midzi ya kunyanja ya ku Karonga, anapeza a shuga ocheperapo, 3 mwa 100 m'tauni ndi 2 mwa 100 kumudzi. Koma anapezanso kuti amayi 44 mwa 100 a m'tauni, ndi 27 mwa 100 a kumudziko, anali olemera kopitirira. Midzi ya ku Karongayo ndi ya asodzi ndi alimi ngati ya kwathu kuno, ndipo chimene chaona iwo sichili kutali ndi ife.

Tsono mafuta amakhudzana bwanji ndi shuga, popeza mafuta satsekemera? Chakudya monga nsima, mpunga ndi chinangwa chikagayika m'mimba chimasanduka shuga wolowa m'magazi, ndipo kapamba amatulutsa madzi otchedwa insulini, amene anapezeka ndi Frederick Banting ndi Charles Best ku Toronto mu 1921. Insulini ali ngati mthenga wa mfumu amene amayenda khomo ndi khomo, kuodira pa minofu kuti itsegule ndi kulandira shuga, ndi kuuza chiwindi kuti chileke kutulutsa shuga wake; koma pamene eni nyumba agontha, mfumu imatumiza amithenga awiri, kenaka asanu, kenaka khumi, kufikira tsiku limene bwalo litha anthu otuma, shuga n'kutsala ali mbwee m'magazi, kuwononga maso, impso, mitsempha ya m'mapazi ndi mtima. Kugontha kumeneku anakuzindikira Harold Himsworth ku London mu 1936, pamene anaonetsa kuti pali odwala shuga osowa insulini, ndi ena amene insulini ali naye koma thupi lawo silimumva. Mu 1963 Philip Randle ndi anzake ku Cambridge anaonetsa kuti mafuta akachuluka m'magazi, minofu imawotcha mafutawo n'kunyalanyaza shuga. Ofufuza a pambuyo, monga Gerald Shulman wa ku Yale, anapeza kuti vuto lalikulu limayamba pamene malo osungira mafuta pansi pa khungu adzaza, mafuta n'kusefukira kumene sayenera kukhala, m'chiwindi, m'minofu, mozungulira matumbo ndi mu kapamba momwe, ndipo tizidutswa tawo timatsekereza uthenga wa insulini mkati mwa maselo. N'chifukwa chake mimba yotsogola ndi yoopsa kuposa mafuta a m'chiuno ndi m'ntchafu.

Koma mafuta onse sali amodzi, ndipo apa ndi pamene mbiri yathu ikumana ndi ya madokotala. Alipo mafuta ogona, amene amaundana akazizidwa, monga a ng'ombe, a mbuzi, batala ndi a kanjedza, amene pafupifupi theka lake ndi la mtundu umenewu. Amayi amawadziwa, pakuti m'mwezi wa Juni botolo limachita mbuu mpaka kuliika padzuwa. Alipo osagona, monga a mtedza, a mpendadzuwa, a soya, a chitowe ndi a nsomba. Mu 2001 ofufuza a m'mizinda isanu, Kuopio, Aarhus, Naples, Wollongong ndi Uppsala, anafalitsa zimene anapeza pa anthu 162 amene anawadyetsa kwa miyezi itatu, ena mafuta ogona, ena osagona: mwa odya ogona kumva insulini kunatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, pamene mwa enawo sikunatsike, komabe ubwino umenewu unazimirira mwa iwo amene mafuta onse pamodzi anapitirira magawo 37 mwa 100 a mphamvu ya chakudya chawo cha tsiku. Ku Uppsala komweko, mu 2014, achinyamata 39 anadyetsedwa makeke owonjezera kwa masabata 7, ena ophikidwa ndi mafuta a kanjedza, ena a mpendadzuwa. Magulu onse awiri ananenepa mofanana, makilogalamu 1.6, koma a kanjedza mafuta anawaunjikira m'chiwindi ndi m'mimba, pamene a mpendadzuwa anawonjezera minofu yambiri. Ndipo ku Helsinki, mu 2018, anayesa anthu 38 onenepa kale, amene ndiwo nkhani yathu yeniyeni, powapatsa chakudya chopitirira muyeso kwa masabata atatu: mafuta a m'chiwindi anakwera ndi magawo 55 pa 100 mwa odya mafuta ogona, 33 mwa odya zotsekemera, ndi 15 okha mwa odya mafuta osagona, ndipo kugontha ku insulini kunakula mwa a gulu loyambalo.

Ndikawerenga zimenezi ndimaona kuti mayi uja wa mtondo ndi lichero, amene tinamuseka kuti ngwachimidzi, anali atagwira mbali zonse ziwiri za nkhaniyi, mtundu wa mafuta ndi muyeso wake, pamene chiwaya chaphonya zonse ziwiri. Komabe chilungamo chifuna kuti tinene zonse. Mafuta a nsomba, amene anatchuka pamene Hans Olaf Bang ndi Jørn Dyerberg anafufuza kadyedwe ka anthu a ku Greenland m'zaka za m'ma 1970, amathandiza mtima ndi kutsitsa mafuta ena a m'magazi, koma m'kafukufuku wa mizinda isanu uja sanasinthe kamvedwe ka insulini. Ubwino wa usipa ndi utaka kwa munthu wonenepa uli pakuti amalowa m'malo mwa kanyenya wonona, malinga asamizidwe m'mafuta. Nsinjiro nazo zikachokera ku mtedza wofumbwa, wa chuku, umene umasankhidwa pa wogulitsa n'kusiyidwira ana pakhomo, zimavulaza chiwindi chomwecho chimene tikufuna kuchiteteza. Ndiponso amene angachotse mafuta m'mbale n'kuwonjezera mitanda ya nsima yoyera, mpunga wodzaza mbale ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga, sanapulumuke kanthu, pakuti chiwindi chimatha kusandutsa shuga wotsala kukhala mafuta, ndipo mafuta amene chimapangawo ndi a mtundu wogona womwewo. Mgaiwa, nyemba, khobwe ndi masamba ziyenera kubwerera pamodzi ndi nsinjiro.

Pali chinanso chimene chikhudza Salima mwapadera. Mu 1992 Nicholas Hales ndi David Barker a ku England anafotokoza kuti mwana amene anasowa chakudya ali m'mimba mwa mayi ake kapena ali wakhanda amakula ndi kapamba wochepa mphamvu ndi thupi lozolowera kusunga, kotero kuti akadzapeza chakudya chambiri atakula, shuga amamugwira msanga, nthawi zina asananenepe n'komwe. Boma lathu la Salima linali limodzi mwa amene anakanthidwa koopsa ndi njala ya 2002, ndipo ana amene anabadwa m'miyezi imeneyo lero ndi anyamata a pa kabaza ndi atsikana a pa msika, amene nkhomaliro yawo ya tsiku ndi tsiku ndi tchipisi ndi mandasi. Awa ndiwo ndimawadera nkhawa koposa, chifukwa palibe amene angawaganizire matenda a mabwana.

Uthenga wotonthoza ngwakuti kugontha kwa thupi kumabwezeka ngati munthu sanachedwe. Ku Finland mu 2001 ndi ku America mu 2002 kunaoneka kuti anthu onenepa amene anali pakhomo pa matendawa, atachepetsa thupi pang'ono, kuchepetsa mafuta ndi kuyenda mwamphamvu pafupifupi theka la ola pa tsiku, anachepetsa kugwidwa ndi shuga ndi magawo 58 pa 100. Ndipo mu 2017 Roy Taylor wa ku Newcastle ndi Mike Lean wa ku Glasgow anaonetsa kuti ngakhale mwa odwala kale, 46 mwa 100 a iwo amene analowa m'dongosolo lochepetsa thupi anapezeka shuga wawo atabwerera mwakale patatha chaka, ndipo mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposa anali 86 mwa 100, mafuta atachoka m'chiwindi ndi mu kapamba. Zimenezi zinachitika pamaso pa madokotala, ndipo wodwala amene ali pa mapiritsi kapena pa jakisoni asasiye mankhwala payekha. Chimene gombe lathu lingathe kuchita mwa ilo lokha ndicho kusunga nsomba ndi mtedza kuti zikhale zofikirika kwa eni ake. Ndipo chitsanzo tili nacho pafupi, pakuti a Gogo Chalo Makanjira ndi nduna zawo akhala akutseka chilumba cha Mbenji mwezi wa Disembala ndi kuchitsegula mu Epulo kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo utaka wa kumeneko ukadali waukulu pamene kwina wachepa. Mafumu amene anatha kuikira nyanja malamulo angathenso kuitanitsa azaumoyo pa masiku a msika ndi pa mwambo wotsegulira chilumbacho, kuti aliyense wa mimba yotsogola, womva ludzu losatha, wokodza pafupipafupi usiku kapena wa chilonda chosapola ayezedwe magazi a pachala m'mawa asanadye kanthu.